Makadi a "of" ayamba kuyenda tsopano

Gulu la makadi anga ophunzirira galamala ya Chingerezi lomwe ndinkadandaula nalo, la ziganizo zokhala ndi "of" pakati, lagonja. Usiku wathawu ndalidutsa lonse osapunthwa, kuphatikizapo khadi lomwe linkandisowetsa mtendere kuposa onse: "The price of tomatoes ___ going up." Yankho ndi "is", nonse mukudziwa, ndipo lamulolo inenso ndinaliloweza kalekale ku sekondale. Polemba ndi cholembera sindivutika. Koma ndikamayankha mokweza komanso mofulumira, monga timachitira pocheza, "are" ankangotuluka yekha mutu usanaganize n'komwe.

Zimene ife ophunzira Chingerezi timalangizana nthawi zonse ndinaziyesa. Kudula mzere kunsi kwa mwininkhani, kuphimba kapandamneni wa "of" ndi chala, kufupikitsa masiku obwereza mu AnkiDroid, pulogalamu ya makadi ya pa foni, kuti khadilo lizibwera pafupipafupi. Khadilo linkabweradi, ine n'kumaligwera pomwepomwepo. Chimachitika n'chakuti "tomatoes" wakhala moyandikana ndi mneni, "s" wake akadali kulira m'khutu, pomwe "price" watsalira kutali kumayambiriro. Khutu limangotola dzina lomwe lili pafupi.

Chondilimbitsa mtima n'chakuti vutoli si la ife tokha ophunzira Chingerezi titakula. Mu 1991 Kathryn Bock ndi Carol Miller anachita kafukufuku pa anthu omwe Chingerezi ndi chiyankhulo chawo chobadwa nacho. Ankawapatsa chiyambi cha chiganizo, monga "The key to the cabinets", kuti amalize okha, ndipo ena ankamaliza ndi "were" m'malo mwa "was". Anapezanso kuti msamphawu umakola kwambiri mbali imodzi: mwininkhani akakhala chinthu chimodzi, dzina loyandikana ndi mneni likakhala la zinthu zambiri. Zikatembenuka, monga "The keys to the cabinet", anthu salakwitsa kawirikawiri. Nditawerenga zimenezi ndinachotsa makadi onse amtundu wachiwiriwu, chifukwa ankangondinamiza kuti zinthu zikuyenda pomwe ankadya nthawi ya makadi ovutawo.

Komabe chomwe chamasula mfundo chachokera ku Chichewa chathu chomwechi. Tamverani: "Thumba la mabuku lasowa." Kodi alipo Mmalawi, ngakhale mwana wa Sitandade 1, amene anganene kuti "thumba la mabuku asowa"? Palibe. "Bokosi la mazira lagwa." "Chikwama cha ana chang'ambika." "Mndandanda wa mayina watayika." Dzina lachiwiri likhale la zinthu zambiri chotani, mneni amatsatabe dzina loyamba, ndipo sitiganizira n'komwe. Chimatithandiza ndi kamawu kapakatiko. "La", "cha" ndi "wa" amakhala atanyamula kale gulu la dzina loyamba, ndiye pofika pa mneni timakhala takumbutsidwa kawiri. "Of" sanyamula chilichonse. Amakhala chimodzimodzi kaya kumbuyo kwake kuli thumba limodzi kaya matumba khumi.

Ndiye ndinalemba makadi onse mwatsopano. Kutsogolo chiganizo cha Chingerezi chokhala ndi mpata, kumbuyo yankho, koma pamwamba pa yankholo chiganizo cha Chichewa, agwirizanitsi ake ndawalemba ndi cholembera chofiira. Ndisanayankhe ndimayamba ndanena Chichewacho chamumtima, kenako Chingerezi mokweza. Poyamba zimachedwetsa zedi, koma pang'onopang'ono Chichewacho chimafupika mpaka kutsala "la… la…" yekha, ndipo "is" amabwera pambuyo pake mosavuta.

Chenjezo kwa amene mukufuna kutengera: samalani posankha mayina. Khadi la tomato lenilenilo linakana poyamba, chifukwa "mtengo wakwera" ndi "tomato wakwera" onse amatenga "wa", ndiye chofiiracho sichinkasonyeza kanthu. Ndinachita kusintha n'kulemba "mtengo wa matimati wakwera", pomwe "akwera" amamveka zoipa nthawi yomweyo. Mayina awiriwo azikhala otenga agwirizanitsi osiyana, apo ayi khadilo n'longotaya pepala.

Njirayi ili ndi malire ake, ndisakunamizeni. Pa ulemu imasocheretsa. Timati "agogo abwera", "abwana akudwala", munthu ali mmodzi, ndipo n'chifukwa chake m'minibasi ya ku Area 25 kapena ku Kawale mumamva wina akuti "my boss, they are not around". Apa Chichewa chisayandikire, khadi likhale la Chingerezi chokhachokha. Pa matimu a mpira imalepheranso. Ife timati "Flames yapambana", "Silver yagonja", poganiza za timu, pomwe Chingerezi cha ku Britain chomwe nyuzipepala zathu zimatsata chimalola "have won" ngakhale pa dzina ngati "the team", ndipo cha ku America chimakonda "has". Makadi amenewa ndawaika padera pamodzi ndi "the police are", "the news is", "mathematics is" ndi "ten thousand kwacha is not enough". Awa n'ngoloweza basi, palibe kuchitira mwina.

Abambo ena oyandikana nawo nyumba, mphunzitsi wopuma pa ntchito yemwe wakonzekeretsa ana ambiri mayeso a MSCE, anandipeza pakhonde ndikudula mapepala. Atayang'ana makadiwo anati, "Mwana wanga, zonsezi n'zabwino, koma 'a number of' ndi 'the number of' mwaziika pati?" Ndinati, "Zili pamodzi ndi anzake a 'of', bambo." Anapukusa mutu. "A number of pupils are absent" amatenga "are" ngakhale "number" ali mmodzi, chifukwa tanthauzo lake ndi ana angapo, pomwe "The number of pupils is growing" akunena za chiwerengero chenichenicho. Lachiwirili Chichewa chimaligwira bwino: "chiwerengero cha ana chikukwera". Loyambalo ndalipatsa mtundu wakewake, lachikasu, kuti diso lichenjere lisanawerenge.

Ena munafunsa za mapepala. Ndimagula manila m'mashopu a zolembera ku Old Town, n'kudula ndekha ndi lezala ndi rula. Oyera ndi achikasu ndi omwe amaonetsa bwino inki yofiira. Apinki ndi obiriwira amaimeza. Musagule opyapyala, inki ya maka imadutsa ndipo yankho limaonekera kutsogolo ukaliyang'anitsa pa kuwala. Bokosi ndikugwiritsabe lomwe lija la nsapato ndinapanga nthawi ya aneni osatsata lamulo, a "go, went, gone" aja, logawa zipinda mwa njira ya Leitner: khadi ukalikhoza limasunthira chipinda chakumbuyo, ukaliphonya limabwerera koyamba. Foni ndi yabwino paulendo, koma magetsi akathima batire n'kutha, bokosi la nsapato silidandaula. Ndipo kulemba khadi ndi dzanja kumandithandiza kuliloweza ndisanayambe n'komwe kulibwereza.

Otsala ovuta ndi a "neither… nor" ndi "either… or". Apa zinthu zimatembenuka mokwiyitsa, chifukwa mneni amatsatadi dzina loyandikana naye: "Neither the teacher nor the pupils are ready", koma "Neither the pupils nor the teacher is ready". Ndiye kuti chizolowezi chomwe ndangochithamangitsa kumene pa "of" ndiyenera kuchiitananso pano. Sindikufuna kusakaniza magulu awiriwa msanga, ndikuopa kuti limodzi lingagumule linzake. Palinso "one of the boys who", amene ngakhale mabuku a galamala sagwirizana bwinobwino. Ameneyo adikire kaye.

Maganizo omwe ndili nawo ndi opita ku National Library ku City Centre, kukafufuza m'nyuzipepala zakale ziganizo zenizeni zokhala ndi mwininkhani wamtali, makamaka m'nkhani za bajeti ndi mitengo ya fetereza komwe "the cost of" ndi "the distribution of" zimachuluka. Ndikufuna khadi la gulu lililonse la mayina a Chichewa, kenako ndijambule mawu pa foni, Chichewa ndi Chingerezi motsatizana, kuti tizimvera m'minibasi. Amene muli ndi maikolofoni yabwinoko ndipo mumakhala cha ku Area 18 kapena 47, ndiuzeni tikumane Loweruka lina.