Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Diso la Amalume

Pepani abale, ndakhala chete masabata atatu. Ndinganamizire malaiti, koma kunena zoona gawo ili ndinali kulizemba. Zikomo nonse amene munandipepesa pa nkhani ya maliro a amayi ija. Amayi a ku Lundazi amene munafunsa kuti "nanga amalume a kamera aja anathera kuti?", khalani pansi, lero ndi lanu.

Mukumbukira kuti nditalakwa mayeso a giledi 12, ndi amalumewo ananditenga kukakhala ku Chadiza, kumene tinkajambula zithunzi za mapanga. Chuma chawo chinali kamera imodzi ya filimu ndi kathabwa kamene anakhomerapo lula ya kusukulu. Ujambula kamodzi, ukankha kamera chakumanja, ujambulanso. Zithunzi ziwirizo uzimata pakhadi, cha kumanzere kumanzere, cha kumanja kumanja, n'kusuzumira m'kabokosi ka magalasi awiri kamene anapala okha. Diso lililonse limaona chake, ndipo phanga limatseguka, kuchita ngati ungalowetsemo mkono. Ankati nzeruyi anaionetsa wasayansi Charles Wheatstone mu 1838, koma lamulo lokankhira ankalinena ngati lawolawo: mtunda wa mwala wapafupi ugawe ndi 30. Mwala ukakhala pa mamita 3, ukankha masentimita 10, osapitirira. Ine yanga inali tochi. Ikangosuntha pakati pa zithunzi ziwirizo, mithunzi imasiyana, woonayo mutu waa! Ndiye ndinkaima chilili, mpweya nditaugwira, mileme ikundipita m'makutu.

Tinayenda m'mapanga a ku Thandwe, ku Makwe cha ku Katete, koma kwathu kwenikweni kunali ku Kalemba, kumene katswiri wa zinthu zakale David Phillipson anakumba mu 1971 n'kupeza kuti anthu ankakhalamo zaka zoposa 30,000 zapitazo. Msuweni wanga, ndidziwa umawerenga kuno mwakachetechete: ndiwe unakauza amfumu kuti tikufunafuna golide ndi zizimba. Sitinalowepo m'phanga osayamba tagwada kwa eni dziko, ndipo zojambula za pamiyala, zofiira zimene amati n'za Akafula ngakhale zoyera zija, sitinazikhudze ndi chala. Zina mwa zoyerazo n'za kuchinamwali ndi kudambwe. N'chifukwa chake pali zithunzi zimene sindidzaika pano, lekani kundiumiriza.

Kenaka Lusaka, ukwati, ana awiri, ntchito kutha, kubwerera ku Chipata. Zaka zisanu ndi zitatu.

Nditabwerako ndinapita ndi amalume ku Kalemba ndi kamera yanga yatsopano, koma kathabwa komweko. Ndinaona kuti akupapasa lula ndi chala, ndinangoti ndi ukalamba. Zithunzi ndinatsukitsa m'tauni, n'kuzimata usiku pa kandulo, tulo tili m'maso. Loweruka ndinawapititsira. Anakhala pakhonde, anapukuta magalasi ndi nsonga ya malaya monga mwa masiku onse, nasuzumira nthawi yaitali.

"Eyaa mphwanga, ili ndiye phanga. Ndikuona mpaka kumapeto."

Ndinalandira kabokosiko ndikumwetulira. Kusuzumira, mtima unangoti phwii. Ndinali nditasemphanitsa zithunzi. Ukatero zakutali zimabwera pafupi, zapafupi zimathawa. Phanga linali litatukuka ngati mphika wovundikira. Munthu amene ankandimenya padzanja chifukwa cha theka la sentimita, lero akuyamikira zimenezi?

Ndinawayang'ana kumaso, mwina koyamba chibwerereni. Diso la kumanzere linali ndi kamtambo koyera. Ng'ala. Ndi diso limodzi, m'kabokosi muja mulibe phanga, muli pepala chabe. Iwo anali akundiyang'anabe, akudikira kuti ndivomereze.

"Inde amalume, latuluka bwino," ndinatero.

Ndinanyamuka ngati ndikukamwa madzi. Akazi awo anandipeza kuseri kwa nkhokwe, ndipo sanandifunse kanthu. Anangoti, "Dzinja lino n'lachiwiri. Anandiletsa kukuuza. Ati ukadziwa usiya kubwera ndi zithunzi." Ndinakhala pamtondo mpaka nkhuku kulowa m'khola. Pakhonde ndinkawamva akusintha makhadi akale limodzilimodzi, khwa, khwa, aliyense akumutchula dzina la phanga lake.

Ndidziwa ena mulemba kuti ndinalakwa kunama, ndikanawauza pomwepo n'kuthamangira nawo kuchipatala, popeza ng'ala amachotsa. Kuchipatala tinapita, musafulumire, ndi nkhani ya gawo 10. Koma tsiku limenelo, pakhonde pawo, pamaso pa adzukulu awo, ine mwana wa mlongo wawo ndikanayambira pati kuwauza kuti saona?

Khadi lija ndikali nalo m'katoni pansi pa bedi. Mkazi wanga wandiuza kawiri kuti ndilimatule ndilikonze. Guluu ndinagula.