Seva yathu inkadikira malaputopu a pa kauntala

Sitolo yathu ya zipangizo zomangira ili ku Limbe, ndipo ine ndi mkazi wanga tinaiyamba tikulemba katundu ndi ngongole m'makope. Amisiri otenga simenti ndi malata pangongole atachuluka, tinagula kompyuta yoti ikhale seva, yomwe makompyuta ena azilumikizikako, ndipo mphwanga anaikamo pulogalamu ya PostgreSQL kuti izisunga kaundula wa malonda onse. Anailumikizanso ku UPS, kachipangizo kokhala ndi batire kamene kamapereka mphamvu kwa kanthawi magetsi akazima, n'kulemba malangizo akuti magetsi akazima seva izidzitseka yokha batire lisanathe.

Koma magetsi akabwerera, seva inkachedwa kuyamba ntchito, ndipo mu log, momwe PostgreSQL imalemba zimene zikuichitikira, munkapezeka mawu akuti "database system was not properly shut down; automatic recovery in progress", kutanthauza kuti sinazime bwino ndipo ikudzikonza yokha. PostgreSQL imayamba yalemba kusintha kulikonse m'kaundula wotchedwa WAL, choncho malonda amene anali atamalizidwa sanatayike, komabe mtima wanga sunali m'malo, chifukwa ndalama zathu zambiri zili m'manja mwa anthu angongole ndipo umboni wake uli m'makinamo basi.

Poyamba tinkaganiza kuti batire lafooka, moti tinagula lina, koma vuto silinathe. Lamlungu lina tinakhala pansi n'kuyesa kuitseka sevayo pamanja. Lamulo la pg_ctl, limene limatseka PostgreSQL, linadikira masekondi 60, kenako linatiuza kuti "server does not shut down", kutanthauza kuti seva siikuzima. Titayang'ana mu pg_stat_activity, mndandanda wa onse olumikizidwa ku PostgreSQL, tinapeza kuti malaputopu awiri a pa kauntala anali adakali olumikizidwa ngakhale kuti panalibe amene ankagulitsa. Malaputopuwo ali ndi mabatire awoawo, ndiponso switch ya netiweki, imene imawalumikiza ku seva, inali pa UPS yomweyo, choncho magetsi akazima kulumikizanako sikunkaduka.

Apa m'pamene mphwanga anazindikira kuti m'malangizo aja anasankha njira yotsekera PostgreSQL yotchedwa smart, imene imadikira kuti aliyense wolumikizidwa achoke yekha. Anaisankha ndi mtima wabwino, pofuna kuti wogulitsa asadulidwe ali pakati polemba lisiti, ndipo sindinamudzudzule. Kungoti malaputopuwo sankachoka, ndiye systemd, imene imayatsa ndi kuzimitsa mapulogalamu pa seva, inkadikira masekondi 90 n'kuizimitsa PostgreSQL mokakamiza isanachite checkpoint yake yotsiriza, kumene ndi kulemba zonse pa disiki.

Tinasintha n'kuika njira ya fast, imene imadula onse olumikizidwa, imafafaniza malonda osamalizidwa, n'kulemba zonse pa disiki isanazime. Njira yachitatu, ya immediate, tinaikana, chifukwa ikanatibwezera ku recovery yomwe ija. Kenako tinazula pulagi ya UPS kukhoma katatu, malaputopu ali oyaka, ndipo ulendo uliwonse mzere wotsiriza mu log unali "database system is shut down", kutanthauza kuti yazima bwino.

Ogulitsa athu tinawauza kuti UPS ikayamba kulira amalize msanga lisiti limene ali nalo, ndipo lotsatira alembe m'kope limene timasunga pansi pa kauntala, kuti madzulo ine ndilowetse malondawo mu kompyuta.