Mapiri a chaka chino, kuyambira pa Ndirande mpaka pa Chambe

Kope lomwe ndimalembamo maulendo anga a 2025 latsala masamba ochepa, mvula nayo yayamba kale kuononga njira, ndiye ndati ndione pomwe ndafika. Mu Januwale ndinatsimikiza kuti Loweruka lililonse lopanda maliro, chinkhoswe kapena ntchito ndizikwera phiri, apo ayi ndizipita kwina kulikonse koti ndikhoza kubwerako tsiku lomwelo pa minibasi. Kwa munthu wokhala mu Blantyre zimenezi sizivuta. Ukangotuluka pakhomo phiri limakhala lili poteropo: Ndirande, Soche, Michiru, kapena Mpingwe ndi Bangwe cha ku Limbe uko.

Powerenga kopeli ndaona kuti nthawi yonyamukira, madzi oti ndinyamule, ngakhale phiri loti ndikwere mwezi wakutiwakuti, zonse ndinkaziganiza potengera chinthu chimodzi, ngati njirayo ili ndi mthunzi kapena ayi.

Pa Ndirande mthunzi palibe. Akuluakulu amati phirili linali nkhalango yowirira, koma mitengo inatha m'zaka zoyambirira za m'ma 1990, nthawi yomwe dziko limalowa m'ndale za zipani zambiri. Lero umadutsa m'minda ya chimanga ndi nandolo mpaka kufupi ndi matanthwe a pamwamba. Nsonga yake imapitirira pang'ono mamita 1,600, ndipo ukafikapo mzinda wonse umaoneka: bwalo la Kamuzu, mafakitale a ku Makata, damu la Mudi, ndi madenga a malata othithikana a Ndirande yeniyeniyo. Koma kuti usangalale nazo uyenera kuyamba chitunda m'bandakucha. Mu Okutobala ikangokwana 9 koloko mwala umatentha moti sungautsamire ndi dzanja. Anthu opemphera amatiposa tonse kulawira. Umawapeza atagwada kale kuseri kwa thanthwe, ena atagona komweko, botolo la madzi ndi Baibulo zili pambali. Phiri ili sindikwera ndekha, ndipo foni imakhala m'chikwama mpaka pamwamba.

Soche ndinalikwera mosayankhula zambiri. Zipsera za namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 zikuonekabe kumtunda kwa Chilobwe ndi Manja: mikwasa yofiira yotsika ndi phiri, ndi miyala ikuluikulu yomwe inaima pomwe panali nyumba za anthu. Namondwe ameneyu anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, kuphatikizapo ambiri a m'munsi mwa phiri lomweli. M'njira umapeza amayi ndi anyamata akuphwanya miyala yomweyo ndi hamala, n'kumaiunjika milu yogulitsa kwa omanga nyumba. Pamwamba patsala kankhalango kakang'ono. Ukalowamo mpweya umasintha nthawi yomweyo, pansi pamakhala chinyontho, mbalame n'kumamveka. Mphindi zochepa watulukamo kale.

Michiru ndi limene ndabwererako kawirikawiri, chifukwa lili ndi njira zosiyana kwambiri. Mbali ya ku Chilomoni kuli Njira ya Mtanda, komwe Akatolika ndi ena ambiri amakwera pa Lachisanu Loyera, kuima pamalo 14 aja mpaka pa mtanda wa pamwamba. Tsiku limenelo munthu suyenda liwiro lako, umayenda liwiro la agogo omwe ali patsogolo pako ndi kolona m'manja, ndipo n'zodabwitsa kuti umakafika osatopa kwenikweni. Mbali inayo, yolowera ku Chirimba, ndi ya malo otetezedwa, komwe njira zimadutsa m'mitengo yachilengedwe monga misuku ndi mombo, apusi akulumpha m'mwamba. Kuchokera pansonga umaona bwalo la ndege la Chileka ndi chigwa cha Shire kukakhala kopanda utsi. Chomwe chinandiwawa n'chakuti pakati pa ulendo wa mu Epulo ndi wa mu Seputembala, malo ena omwe ndinapumirapo pamthunzi ndinawapeza ali zitsa zokhazokha, pambali pake pali dothi lakuda pomwe anafukula uvuni wa makala.

Tsiku la mu Seputembala lomwelo tinapatukira mayi wina yemwe amatsika ndi mtolo wa nkhuni wautali kuposa iye mwini, nkhata ya chitenje itaphwatalala pamutu, kuphazi kuli patapata yomangidwa ndi waya. Anaima, dzanja limodzi litagwira mtolo.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

"Ndaswera, kaya inu bambo. Mukukasaka chiyani kumtundaku?"

"Ayi, tikungoyenda."

Anaseka mpaka mtolo kugwedezeka. "Kungoyenda? Ndiye potsika munditengereko mtolo wina, ndausiya pa msuku apo."

Mnzanga wina anayamba kudandaula za kutha kwa nkhalango mayiyo atangodutsa. Ine sindinamuvomereze msanga. Nkhuni za pamutu wa mayi mmodzi si zimene zamaliza Michiru. Chomwe chikulimaliza ndi matumba a makala otsika pa njinga usiku, ndipo matumbawo amathera m'makhitchini a ife tomwe a m'tauni, magetsi akathima kapena gasi akakwera mtengo. Ife okwera phiri tavala zipewa ndi nsapato zabwino sitili kunja kwa nkhaniyi.

Pa 15 Januwale, tsiku la John Chilembwe, ndinapita ku Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, komwe iye anakhazikitsa mishoni mu 1900 ndi komwe kuukira kwa mu 1915 kunayambira. Sikunali kukwera phiri, koma ndinayenda wapansi mtunda wokwanira kuchokera pamsewu. Ku Thyolo nako ndinangoyenda m'misewu ya m'minda ya tiyi, ulendo wabwino kwa munthu amene akuyamba kumene chifukwa zitunda zake n'zofatsa.

Zomba ndinasungira nyengo yozizira. Minibasi ya m'mawa kuchokera ku Limbe, kenako wapansi pa Potato Path, kanjira kachidule koma koimirira komwe anthu amatsikira ndi katundu kupita kumsika. Apa ndi pomwe ndinaona koyamba kuti miyendo yayamba kuzolowera, chifukwa ndinatha kumacheza ndi anzanga pachitunda osadula mawu pakati. Pamwamba tinadutsa pa damu la Mulunguzi, lomwe limamwetsa mzinda wa Zomba, n'kukafika pa mathithi a Williams. Ana amakuthamangira ndi timbale ta sitiroberi ndi tizipatso tachikasu ta mulunguzi, ndipo amatchula mtengo poyang'ana nsapato zako. Ku Emperor's View, pomwe anafikapo mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965, tinapezako chiperoni. Nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje zomwe zimaoneka pamenepo sitinazione, tinangoona chifunga ndi mnzathu mmodzi akunjenjemera m'kabudula. Ku Chingwe's Hole n'kutali kwa munthu wapansi amene akufuna kubwerera ku Blantyre tsiku lomwelo, ndiye tinakusiya. Mapaini a pa Zomba nawo m'malo ambiri anadulidwa kapena kupsa ndi moto wolusa, moti mtunda wautali umayenda poyera. Mu Juni zilibe kanthu. Mu Okutobala sindingayese.

Ulendo waukulu wa chaka unali wa ku Mulanje. Poyamba ndinangofika pa Dziwe la Nkhalamba, pafupifupi ola limodzi kuchokera pa Likhubula, komwe madzi ake amazizira mpaka mafupa kuwawa ngakhale dzuwa litaswa mtengo. Mu Ogasiti tinabwerera kukayesa Chambe tsiku limodzi. Tinatsika minibasi pa Chitakale, kabaza n'kutifikitsa pa Likhubula, tinalembetsa ku ofesi ya zankhalango n'kutenga wotilondolera. Aliyense wondifunsa ndimamuuza kuti pa Mulanje wolondolera si wa azungu okha. Njira zimagawikana malo osayembekezeka, ndipo chifunga chikatsika suona ngakhale mnzako amene ali mapazi khumi patsogolo.

Tinakwerera njira ya Skyline, masitepe a miyala osatha, khoma la thanthwe la Chambe lili kumanzere kwathu ngati likufuna kutigwera. Wotilondolerayo, mnyamata wa m'mudzi wa m'munsi mwa phiri, ankayenda manja ali kumbuyo, akuimba kanyimbo ka kutchalitchi. Nditamufunsa za mpikisano wa Porters Race womwe umachitika chaka ndi chaka, anati anathamangapo. Njira yake imakwera Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikanso pa Likhubula, ndipo opambana amamaliza maola atatu asanakwane. Ife maola atatuwo anatha tisanafike n'komwe pa kanyumba kogona alendo ka Chambe. Tili pakudya mbatata yathu anatikumbutsa lamulo lakale la phirili: "Achimwene, mukapeza chakudya chokonzedwa kale m'tchire muno, idyani nokha. Musaitane mnzanu." Ananena akumwetulira, koma sanaonetse kuti ndi nthabwala.

Ndinamupempha kuti atisonyeze mkungudza. Mtengo umenewu ndi wa fuko lathu ndipo mwachilengedwe umamera pa phiri lokhali. Anatisonyeza zitsa zotuwa, n'kupala chimodzi ndi kampeni. Fungo linatuluka lamphamvu, lomwe lija la timabokosi tosema togulitsa pamsewu, ngakhale mtengowo unadulidwa kalekale. Kenako anatitengera pa mbande zobzalidwa zaka zaposachedwa, zina zofika m'chiuno, zina m'mapewa, zitalambuliridwa kuopa moto. Mkungudza umakula pang'onopang'ono, moti amene adzakhale pamthunzi wa mbande zimenezi si ife. Mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, makamaka chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu olizungulira. Ndinakondwa nazo, ngakhale satifiketi siithamangitsa munthu wa sowo. Tinatsikira njira ya Chapaluka, yotsata mtsinje, ndipo tinafika pansi kukuda, mawondo akunjenjemera.

Kumbali ya thupi, kukwera sikukundivutanso monga kale. Vuto latsala potsika, makamaka bondo lakumanja, ndipo ndodo yansungwi yomwe ndinagula pa Likhubula yandithandiza kuposa chilichonse. Nsapato ndi za pa kaunjika ku Limbe, zokhala ndi mano akuya kunsi, zokulirapo pang'ono kuti zala zisagunde kutsogolo pa mtsetse. Masokosi awiriawiri anathetsa matuza. Kamba wake ndi mbatata yophika, mtedza wokazinga, nthochi ndi kamchere pang'ono, chifukwa mabisiketi amangowonjezera ludzu. Pa mapiri opanda mthunzi ndimanyamula malita atatu a madzi, pa Mulanje ochepa chifukwa mitsinje ilipo. Chitedze ndachidziwa tsopano ndikachiona patali, linthumbu nalo sindiima pafupi. Chomwe chinasokoneza ndondomeko kwambiri ndi mtengo wa minibasi nthawi yomwe mafuta amasowa, moti miyezi ina ndinangozungulira mapiri a mu Blantyre momwemu.

Chaka chamawa ndikufuna Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phiri la Mulanje, mamita 3,002. Ameneyo safuna za tsiku limodzi, pafunika kugona pa kanyumba ka alendo ka Chisepo n'kulawira, ndiye ndayamba kusunga ndalama ya wolondolera ndi wonyamula katundu, ndipo ndikuyang'ana mwezi wa Meyi kapena Seputembala. Ndikufunanso phiri la Dedza pamodzi ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni. Pakadali pano, poti nyengo yobzala mitengo yafika, gulu lathu la okwera mapiri lagwirizana kuti Loweruka lina mu Januwale tikabzale mibawa m'mbali mwa kamtsinje kena m'munsi mwa Soche. Takambirana kale ndi amfumu a m'deralo za amene adzaipalire ndi kuiteteza ku mbuzi mvula ikatha, ndipo aliyense abwere ndi khasu lake.