Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Tsiku limene mayi anga ananditchula kuti Bambo

Gawo lapita lija ndinathera ndili dikoni, nditamaliza ku seminale yaikulu ya St Peter's ku Zomba, ndikungodikira tsiku lodzozedwa unsembe. Pepani ndachedwa kupitiliza, ntchito yakuno siyilola munthu kukhala pansi ndi foni nthawi yaitali. Lero ndikuuzani za ku Bembeke, ku Dedza, komwe tinadzozedwera, komanso za miyezi yoyambilira ku parishi, chifukwa kwa ine zimenezi ndi nkhani imodzi, sindingazidule pakati.

Usiku woti mawa lake tidzozedwa sindinagone. Amene anagonako ku Bembeke mwezi wa July akudziwa chisanu chake, chimalowa mpaka mmafupa, koma sichinali chisanu chomwe chinandilanda tulo ayi. Ndinkangowerenga zaka za maphunziro a unsembe, zinayi ku St Kizito, chimodzi ku Kasina, zitatu ku Kachebere, zinayi ku Zomba, ndikuwonjezerapo nthawi ija ndinali ku parishi kuphunzira ntchito, nde ndikuganiza za anzanga tinayamba nawo Form 1 omwe anapatukira mnjira, ena ndi aphunzitsi pano ena ali ku Joni ena tinawaika kale mmanda, ndikudzifunsa kuti ine ndatsala chifukwa chani. Mkalasi analipo ondiposa nzeru, pakupemphera analiponso ondiposa. Yankho sindinalipeze usiku umenewo, ndinangogwira kolona mpaka tambala woyamba.

Kutacha anthu akwathu anali atafika kale pa lole, amayi atavala zitenje zofanana, ena atagona panja pa moto ndi chisanu chonse chija. Ndinawaona mayi anga patali atakhala pa mphasa akumanga duku. Mayi amenewa ndinakuuzani kale mu gawo 2, bambo atamwalira ndi iwo ankakhala mmbali mwa msewu ndi ndowa za kachewere kuti fizi ya ku seminale ipezeke.

Mwambo wake ambiri munauonapo, koma ukakhala mkati zimakhala zina. Anatiitana maina mmodzi mmodzi ife nkumayankha kuti ndilipo. Kenako Ambuye Episkopi anatifunsa mafunso pamaso pa anthu onse, ngati tili okonzeka kulalika mawu a Mulungu mokhulupirika, kupereka nsembe ya Misa ndi masakramenti, kupempherera anthu osalekeza. Utagwada umaika manja ako mmanja mwa episkopi nkulonjeza kuti udzawalemekeza ndi kuwamvera iwo ndi onse odzalowa mmalo mwawo. Mawu amenewo ndi afupi kwambiri koma tanthauzo lake ndi loti kuyambira lero susankha wekha kokakhala. Titatero tinagona chafufumimba pansi kwaya ikuitana oyera mtima onse kuti atipempherere, nkhope ili pansi choncho ndinkamva kuzizira kukukwera mthupi, ndipo mmutu munabwera dzina la Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe mu 1937, yemwe anadzakhalanso episkopi woyamba wachimalawi mu 1957 mu Dedza mwathu momwemuno. Ndinati munthu ameneyu pamene ankagona pansi chonchi panalibe wakwao ndi mmodzi yemwe woti amuwonetse njira, ine ndili ndi ansembe ambirimbiri kumbuyo kwangaku.

Pamene episkopi amasanjika manja pamutu sipakhala mawu alionse, tchalitchi chonse ziii. Akatero ansembe onse amabwera nawonso kudzasanjika manja, mmodzi mmodzi, manja ena olemera ena onjenjemera ndi ukalamba. Litatha pemphero lodzozera anandiveka stola ndi kasula, zovala za wansembe pa Misa, anadzoza zikhatho zanga ndi mafuta a Krisima, nkundipatsa chikho ndi mbale ya mkate. Nthungululu zinayamba pamenepo.

Koma chomwe chinandigwetsa misonzi chinachitika Misa itatha. Anthu anandandalika kuti alandire madalitso oyamba, ndipo patsogolo penipeni panali mayi anga. Anagwada pa fumbi, munthu amene anandibereka, amene ankandisambitsa ndikundikalipira ndikachedwa kudambo, nde anaweramitsa mutu nkunena kuti "Bambo, tidalitseni." Ine pakamwa panauma. Ndinafuna kuwadzutsa ndinene kuti amayi ndine mwana wanu yemwe uja, koma malume anandigwira paphewa nkundiuza chapansipansi kuti adalitseni, akhala akudikira zimenezi zaka zonsezi. Ndinaika manja pa duku lawo lija mafuta akununkhirabe mzikhatho, mawu a dalitso ndinawanena koma sindikudziwa ngati anamveka.

Tsiku lomwelo anatiuza kokagwira ntchito. Ine ananditumiza kukakhala wothandiza bambo mfumu pa parishi ina yakumudzi ya nthambi zambiri, dzina lake ndisalitchule.

Ndisanapite kunali Misa yothokoza kwathu. Kunali chimwemwe, mbuzi, nkhuku, ena anabwera ndi thumba la chimanga, a mphakati wathu, kagulu ka akhristu oyandikana nyumba omwe amapemphera limodzi, anasonkha nkundigulira sutikesi. Polankhula wachibale wina wamkulu anati tsopano banja lathu latuluka mu umphawi, anthu nkuwomba mmanja. Mawu amenewo anandilasa ngakhale ndinamwetulira. Sipanathe mwezi mafoni anayamba, uyu fizi ya mwana, uyu feteleza, uyu malata. Sindikuwada abale anga, mavuto awo ndi enieni ndipo ena mwa iwo anadzimana kuti ine ndiphunzire. Koma wansembe wa dayosizi salandira malipiro ngati wa mboma, timadya zomwe akhristu apereka, chopereka, mtulo, masika, ndi kangachepe ka Misa zomwe anthu apempha, ndipo ndalama ya parishi si yanga, ndi ya amayi aja amagulitsa tomato kuti aponye mmbale Lamulungu. Kunena kuti ndilibe kwa munthu amene anakulipilirapo thiransipoti yopita ku Kachebere ndi chinthu chowawa, mpaka lero chimandipweteka. Amene anandithandiza ndi mayi anga omwewo, anawaitanitsa abale nkuwauza kuti mwanayu tinamupereka, musamulondole ndi ngongole.

Ku parishi bambo mfumu, munthu wachikulire wosalankhulalankhula, anandilandira ndi makiyi a njinga yamoto ndi pepala la maina a nthambi zonse. Anandiuza chinthu chimodzi chokha madzulo amenewo, akuti Bambo, akakuitanani kwa wodwala musayambe mwafunsa kuti ndi kutali bwanji, funsani kuti akupumabe.

Loweruka loyamba ndinakhala mu kulapa. Kalata ya episkopi yondilola kumva kulapa ndinali nayo, maphunziro ake ndinakhoza ku Zomba, koma palibe buku limene limakukonzekeretsa kuona munthu wa imvi, msinkhu wa agogo ako, akugwada pambali pako nkutsegula mtima wake wonse. Zomwe ndinamva sindinganene kwa munthu aliyense mpaka kufa, limenelo ndi lamulo la Mpingo losasinthika ndipo wansembe woliphwanya amadzichotsa yekha mu Mpingo. Ndingonena kuti nditatuluka mmenemo ndinapita kwa bambo mfumu kukapempha kuti nanenso ndilape.

Ulaliki wanga woyamba sunayende. Ndinaukonza masiku atatu, ndinadzazamo zonse za mmabuku, ndinkaganiza mchingerezi nkumatembenuzira mChichewa, ndipo anthu anakhala chete mwaulemu mpaka kumapeto. Titatuluka mayi wina wa gulu la Legio ya Maria anandipatsa moni mogwada, nkunena mofatsa kuti Abambo mwalalika bwino koma ife sitinatolepo kanthu koti tikauze ana kunyumba. Ndinawathokoza ndipo ndimawathokozabe. Kuyambira pamenepo ndikamakonza ulaliki ndimayamba ndapita ku mphakati mkati mwa sabata, kukamva mmene akhristu eni ake akuwerengera mawu a Lamulungu likudzalo, mafunso awo ndi amene amandipatsa poyambira. Miphakati imeneyi maepiskopi a AMECEA, bungwe la maepiskopi a maiko a kummawa kwa Africa, anaikhazikitsa ngati njira ya Mpingo kuyambira 1973, ine ku seminale ndinkailoweza ngati funso la mayeso, kuno ndi kumene ndaona kuti popanda iyo parishi ngati yathuyi siyingaime ngakhale mwezi umodzi.

Ntchito zina ndi zosaoneka. Mapemphero a Mpingo a mmawa, masana, madzulo ndi usiku omwe tinalonjeza pa udikoni, umayenera kupemphera ngakhale wafika wotopa fumbi lili mmaso. Mabuku a ubatizo ndi a maukwati olemba mosamala chifukwa dzina ukalakwitsa lero munthu adzavutika nalo patapita zaka 20 akufuna kumanga ukwati. Maphunziro a ofuna ukwati, ana a Tilitonse omwe amaphunzira za chikhristu, milandu ya mabanja yomwe imabwera pa khonde usanamwe ndi tiyi yemwe. Lamulungu Mpingo umalola wansembe kuchita Misa mpaka zitatu ngati ansembe ndi ochepa, ndipo ngakhale tichite zitatu aliyense, ine ndi bambo mfumu, nthambi zina zimatha miyezi iwiri kapena itatu osaona wansembe. Masabata onsewo amene amatsogolera mapemphero, kuphunzitsa, kuika maliro, ndi akatekisiti ndi atsogoleri a mphakati, anthu oti ambiri mwa iwo amayenda pa njinga yakapalasa ndipo kunyumba kwawo nako kuli mavuto.

Nde usiku wina mu September cha mma 10 foni inalira. Anali akatekisiti a nthambi ina yakutali, akuti kuli agogo ena akhala akufunsa wansembe kuyambira dzulo ndipo lero asiya kudya. Bambo mfumu anali kumsonkhano ku dayosizi. Pakamwa panga panatsala pang'ono kutuluka funso lija la mtunda, koma ndinakumbukira, ndinafunsa kuti akupumabe, anati eya. Ndinatsegula tabernakulo, ndinatenga Ukaristia mkabokosi kake nkukoleka pachifuwa mkati mwa jekete, mafuta a odwala omwe episkopi amadalitsa pa Misa ya Krisima, stola yaing'ono, nkuliza njinga.

Njira yake sindinkaidziwa bwino, ndinasochera kamodzi pa mphambano ina mpaka ndinagogoda pa nyumba ya anthu osawadziwa, bambo wa pamenepo sanali mkatolika nkomwe koma anatuluka ndi tochi nkundiperekeza mpaka pa njira yoyenera. Akatekisiti ndinawapeza akundidikira pa mtsinje pomwe njinga siyingadutse, tinaisiya pa nyumba ina nkuyamba wapansi kukwera phiri, iwo patsogolo ndi tochi ya foni ine pambuyo dzanja lili pachifuwa. Sitinalankhulane njira yonse, iwo ankadziwa chimene ndanyamula.

Mnyumbamo munali koloboyi mmodzi, agogo atagona pa mphasa, ana ndi zidzukulu atazungulira, amayi a mphakati ali pakhonde akuimba motsitsa mawu. Nditagwada agogo aja anatsegula maso nkundiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati "mwana wanga wabwera," nde ngati adzidzimuka anakonza, "pepani, Abambo." Ndinawauza kuti agogo zonse ziwiri ndi zoona. Anthu anatuluka kaye kuti tikhale awiri. Atabwereranso ndinawasanjika manja, ndinawadzoza pamphumi ndi mmanja, manja ouma okhakhala a munthu amene wagwira khasu moyo wake wonse, ndipo ndinabenthula kachidutswa kakang'ono ka Ukaristia chifukwa kumeza kunali kovuta, mdzukulu wao nkuwamwetsa madzi pa supuni. Atameza anatseka maso, milomo ikuyenda, ndinayandikira ndipo ndinamva kuti akunena Tikuoneni Maria.

Pamenepo ndi pomwe ndinamvetsa chimene mayi anga anachita ku Bembeke. Agogo amenewa sankandidziwa, dzina langa sanalifunse, za ku Kachebere ndi ku Zomba analibe nazo ntchito. Ankadikira chimene ndinanyamula pachifuwa, ndipo panafunika munthu woti achikweze phiri limenelo usiku umenewo.

Potuluka mwana wao wamkulu anandigwirira nkhuku. Ndinayamba kukana poona mmene pakhomopo panalili, koma akatekisiti anandinong'oneza kuti Abambo landirani, mukakana muwasiya ndi chisoni china. Ndinalandira ndi manja awiri. Ku parishi ndinafika kukuyera, ndinasamba nkulowa Misa ya 6 koloko.

Agogo anamwalira patapita masiku awiri. Maliro awo sindinapiteko, tsiku limenelo ndinali ndi maukwati ku nthambi ina mbali yina ya parishi omwe anakonzedwa kalekale, anaika ndi akatekisiti ndi a mphakati. Zinandiwawa kwambiri, madzulo ake ndinawaimbira mayi anga kuwafotokozera, ndipo mkati mwa kucheza ndinawapempha kuti amayi tikakhala awiri chonchi muzinditchula dzina langa lija. Anakhala chete kaye, kenako anati ayi Bambo, dzina lija ndinakupatsani ndine koma ili anakupatsani ndi Mulungu, nkufunsa ngati ndadya.

Nthambi ija ndinakafikako patatha masabata asanu, masana tsopano, ndipo ndinadabwa kuona kutalika kwa phiri lomwe tinakwera mumdima. Pa Misa ndinatchula dzina la agogo aja pa pemphero la omwalira, ndipo itatha banja lonse linanditengera kumanda kukadalitsa mtumbira. Mu gawo 10 ndidzakuuzani za masika anga oyamba ndi mmene mvula ya January inatitsekera nthambi zinayi kutsidya kwa mtsinje.