Nissan 1400 yanga: ndasankha mapayipi a mafuta

Ntchito yochotsa kabuleta pa Nissan 1400 yanga n'kuikapo fuel injection (njira yopopera petulo mu injini ndi ma injector) yafika pa mapayipi tsopano. Pampu ndi ma injector zilipo kale, chomwe chinatsala n'kusankha kuti petulo adutse mu chiyani kuchoka ku thanki kukafika pa injini ya A14.

Mapayipi akale aja sangabwererepo, ndipo chifukwa choyamba ndi presha. Kabuleta imakhutira ndi presha yosafika ngakhale theka la bar imodzi (bar ndi muyezo wa presha), pomwe injection imafuna pafupifupi 3 bar. Pamenepo payipi ikang'ambika petulo sadontha ayi, amachita kupopera, ndipo pa A14 ekizozi ili mbali imodzimodzi ndi manifold yolowetsa mpweya.

Chachiwiri ndi petulo wathu wa kuno ku Malawi. Amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, pomwe fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, kenako panabweranso ya PressCane ku Chikwawa. Ethanol amawononga labala wakale: amayamba wafufuma, kenako kuuma n'kuchita ming'alu. Amakokanso chinyezi, ndiye payipi yachitsulo imachita dzimbiri kuyambira mkati, komwe diso silifika.

Anzanga, mukamagula payipi ya labala muziwerenga zomwe zalembedwa pathupi pake. Ya SAE J30R7 ndi ya kabuleta. Ya injection ndi J30R9, yomwe mkati mwake anaikamo labala wina wotchedwa FKM, wopirira ethanol ndi presha yomwe. Kunja zimafanana ngati mapasa, ndipo wogulitsa akhoza kukuuzani ndi mtima wonse kuti zonse ndi za mafuta. Yopanda cholembedwa chilichonse ine sindigula, ngakhale itsike mtengo bwanji. Palinso J30R10, ya kachidutswa kokhala mkati mwa thanki. R9 ndi yolimba mkati mokha, kunja kwake kukamira mu petulo kumafewa n'kuyamba kunyenyeka. Ine ndikuika pampu mkati mwa kathanki kakang'ono kothandizira, poti thanki yakale ilibe zotchinga mafuta pokhota, ndiye R10 ikufunika yaifupi chabe.

Pansi pa galimoto, kuchoka kumbuyo mpaka kutsogolo, sindikufuna labala konse. Miyala ya m'misewu yathu yafumbi siyingamusiye. Aluminiyamu ndi wopepuka koma akamagwedezeka nthawi yaitali amauma n'kuthyoka, mkuwa weniweni nawonso chimodzimodzi. Ndasankha cunifer, mkuwa wosakaniza ndi nickel, wa 8 mm, mizere iwiri: wopita ndi wobweza mafuta otsala ku thanki. Sachita dzimbiri ndipo amapindika bwino ndi kachida kamanja.

Payipi ya PTFE (pulasitiki wa Teflon) yoluka ndi waya kunja ndinaiyang'ana ndithu, poti ndi yokongola ndipo fungo la petulo silidutsa. Koma mitu yake yolumikizira, ya saizi ya AN-6, ndi yodula, ndiye kuitanitsa kunja, ndipo umodzi ukavuta uli panjira kutali ndi tauni palibe makaniko amene angakhale nawo m'bokosi. Amene mwaikonda, tengani yakuda mkati. Imeneyo ili ndi kaboni wochotsa magetsi amene amadzikundika mafuta akamathamanga, omwe amatha kuboola yoyera mkati.

Pakadali pano mzere wopita ndaupinda kale ndipo ndaumangirira ndi timakilampu ta labala mkati, motalikirana pafupifupi masentimita 30, mbali yotalikana ndi ekizozi. Podutsa pa chitsulo cha bodi ndaikapo mphete za labala. Kumapeto kwa payipi iliyonse ndikutukula kamlomo kuti R9 isavuke presha ikakwera, ndipo makilampu ndi a injection osalala mkati, osati amano aja amene amadya labala.

Watsala mzere wobweza ndi pomangirira sefa. Zikatha ndiyatsa pampu yokha injini ili chozima, geji ya presha ili pa rail (payipi yogawira mafuta ku ma injector), chozimitsira moto chili pafupi, n'kudutsa mfundo iliyonse ndi kapepala kouma.