Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: sukulu ya pakhonde

Paja gawo latha lija ndinasiyira poti namondwe Freddy wadutsa eti? Marichi 2023 uja, mvula osakata, madzi kutsika m'phiri la Mulanje ndi miyala yomwe. Ife nyumba inapulumuka koma kamlatho kathu kanapita, sukulu ya ana inasanduka kampu, m'makalasi mogona anthu. Ndiye ndinangoti anawa asamangokhala, ndiziwaphunzitsako pakhondepa podikira kuti zinthu zikhale bwino.

Apa mpomwe ndinadzidzimuka. Mwana wanga wamkuluyu anali sitandade 4, ndamupatsa Buku Lopatulika kuti awerenge Salimo 23, iye kuyamba bwinobwino mawu ali pamwamba, koma nditasuzumira chala chili pa mzere wina! Anachita kuloweza ku sande sukulu. Ndamutsegulira pena, ziii, kungondiyang'ana. Zaka zonsezo akudzuka m'mamawa ndi yunifomu yochapa. Aziphunzitsi sindikuwanena ayi, munthu mmodzi ana oposa 100 angatani, wokhala kumbuyo amangokuwa nawo gulu likamayankha basi, teremu yatha, wakhoza.

Sukulu zitatsegula ine ndi bambo awo tinagwirizana kuti tisawabwezere kusukulu, tiyambe taona kaye. Kuona kaye komweko mpaka lero.

Timachita chonchi. Ine ndimatenga Chichewa ndi Chingerezi kuyambira 6 koloko mpaka cha m'ma 9, ndisanapite ndi zinanazi pa Chitakale. Bolodi lathu ndi chitseko chakale chomwe tinachipaka zakuda za m'mabatire. Mabuku ndi omwewo a boma ochokera ku MIE, bungwe lokonza silabasi ku Domasi, ndinachita kubwereka n'kukafotokopa pa boma, moti silabasi sitinaitaye ayi. Masamu ndi a bambo awo madzulo akaweruka kothyola tiyi, amawapatsa makilo a sabata yonse kuti awonkhetse, achulukitse, aone ngati zikugwirizana ndi zomwe alandira, ndipo mwana akaphonya bambowo amaseka amvekere mwandidyera ndalama inu akalaliki. Loweruka wamkuluyu amabweza yekha chenji kumsika. Wamng'onoyo nde anaphunzira ma b ndi ma d polemba pansi ndi kamtengo, pano amawerenga chilichonse, ndi mapaketi a sopo omwe.

Zovuta zilipo, ndisaname. Phala la kusukulu amalisowa, anzawo akamadutsa ndi mpira wachikulunga amangoti maso kumsewu, komanso Chingerezi changa ndi cha fomu 2, pena ndimayamba ndafunsa foni.

Koma chovuta chenicheni anali achimwene anga. Kwathu kuno ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi malume, ndiye atamva anabwera panjinga osapumira n'komwe. "Chemwali, a Muluzi anabweretsa pulayimale yaulere mu 1994 kuti ana asamakhale pakhomo, inu mukutibwezanso m'mbuyo? Anawa ndi anganso." Ndinati achimwene khalani kaye pansi, ndamuitana mwana, ndamupatsa nyuzipepala yokulungira zitumbuwa, wawerenga ndime yonse osakakamira. Anangoti mmm, koma sanagonje. Akuti lamulo la 2013 limati pulayimale ndi yokakamiza, ndipo m'mudzi muno amfumu amalipitsa chindapusa kholo losunga mwana pakhomo.

Sipanathe sabata, mnyamata wa amfumu anafika ndi uthenga woti ine ndi bambo awo tikaonekere kubwalo, titenge ndi ana omwe. Zomwe zinachitika kumeneko ndi za gawo 10.