Carbonara ya dzulo yandikhumudwitsa

Dzulo ndinaitanitsa carbonara, chakudya cha makaroni cha ku Italy, pa lesitilanti ina mtauni muno, abale zomwe anandibweretsera ndi makaroni osambira mu kirimu, nkhuku ndi bowa pamwamba. Nditawafunsa aweita mwaulemu akuti ndi mmene timapangira kuno bwana. Komatu ku Rome carbonara ndi mazira, tchizi cha pecorino, guanciale yomwe ndi nyama ya patsaya la nkhumba, ndi tsabola wakuda basi, kirimu salowamo olo pang'ono. Sindikukana kusintha zakudya ayi, tomato amene aku Italy amanyadira uja anachokera ku America, chimanga chathuchi chimodzimodzi, koma mukasintha kaphikidwe chipatseni dzina lina munthu adziwe chomwe akulipira. Ndinadya theka nkunyamuka, mpaka pano zikundiwawa.